Mukufuna kumvetsa mbiri ya makatuni? Tengani katoni, sizasi ndi foni muipange nokha

Mbiri ya animeshoni mukaiwerenga ngati mndandanda wa zaka ndi mayina a azungu mawa lake mwaiwala kale, koma mukapanga ndi manja anu zomwe anthuwo ankapanga zimakhazikika m'mutu, ndipo mumaona msanga kuti zambiri zatsopano zomwe zinabwera mu makatuni zinabwera chifukwa winawake anatopa ndi kujambula chinthu chomwecho kambirimbiri. Filimu imayenda zithunzi 24 pa sekondi. Ojambula ambiri amachita zoti chojambula chimodzi chioneke kawiri, nde kuti zojambula 12 pa sekondi, komabe mphindi imodzi yokha ndi zojambula 720, ganizani dzanja lanu pamenepo.

Zofunika sizambiri: katoni yolimba, kope la mapepala opyapyala, sizasi, ulusi, pensulo, maka yakuda, galasi loonera nkhope, pulasitiki yoonekera ija timasungiramo ma satifiketi, ndi foni ya kamera. Zoti simutha kujambula musadandaule nazo, kamunthu ka timizere kakwana.

Yambani ndi zoseweretsa, kanema kunalibe

Dulani katoni mozungulira kukula ngati pakamwa pa kapu. Mbali imodzi jambulani mbalame, mbali inayo khola lopanda kanthu, koma kholalo likhale lozondoka poyerekeza ndi mbalameyo. Boolani kumanzere ndi kumanja, mangani ulusi, upoteni kenako kokani. Mbalame ioneka ili m'khola. Ichi ndi thaumatrope, chinatchuka ku London m'ma 1820 ndipo dzina lomwe limamveka nacho kwambiri ndi la dokotala John Ayrton Paris. Palibe chikuyenda apa, zangosonyeza kuti zithunzi ziwiri zikasinthana mwachangu maso amaziphatikiza. Mphindi khumi mwamaliza, pitirirani.

Chachiwirichi ndiye chofunika kuchifatsira. Mu 1832 Joseph Plateau wa ku Belgium anapanga phenakistiscope, ndipo nthawi yomweyonso Simon Stampfer ku Vienna anapanga chake chofanana osadziwana. Dulani katoni yozungulira ya masentimita 20, igaweni zigawo 12 zofanana, chigawo chilichonse madigiri 30, ngati kwanu kuli mwana wa sukulu bwerekani protractor yake. M'mphepete pakati pa zigawozo dulani timipata topyapyala, mamilimita atatu m'lifupi akwana, mukakulitsa chithunzi chimachita mbuu. M'chigawo chilichonse jambulani kamunthu kakukweza dzanja pang'ono pang'ono kenako kakulitsitsa, ndipo chojambula cha nambala 12 chikhale choti chilumikizane bwino ndi choyamba. Kumbuyo pakani maka yakuda. Bayani pini kapena kamsomali pakati mulowetse pa ndodo, imani pa galasi zojambulazo zitayang'ana galasilo, inu muzisuzumira kumbuyo kudzera m'timipata tija uku mukuzungulitsa. Kamunthu kayamba kukubayibitsani.

Kenako yesani kuyang'ana pagalasi osadzera m'timipata. Muona zosokonekera zokhazokha. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya kanema: chithunzi chiyenera kuoneka kanthawi kochepa chitaima, kubisika, china nkubwera. Timipata tija ndi ntchito yomwe shutter, kachitseko kotsegula nkutseka kuwala, inadzagwira mu pulojekita. Ma GIF omwe timatumizirana pa WhatsApp aja, ongobwereza osatha, nzeru yake ndi yomweyi.

Zoetrope ndi zomwezo koma zili ngati chitini chozungulira, timipata m'mbali, zojambula pa kampepala kakatali mkati, ubwino wake anthu angapo amaonera limodzi popanda galasi. William George Horner anafotokoza za chida chotere mu 1834 koma chinagulitsidwa kwambiri m'ma 1860. Mukafuna kuyesa, tembenuzani njinga muike chitini chanucho pakati pa wilo litagona, kuzungulira kwake kumakhala kosalala kusiyana ndi pa msomali.

Kope lija tsopano

Flipbook, kabuku kongotsegula masamba mwachangu ndi chala, John Barnes Linnett anakalembetsa ngati luso lake ku England mu 1868. Kusiyana kwake ndi zozungulira zija nkwakuti nkhani ikhoza kuyamba nkutha, siyibwerera pomwe inayambira. Yambani pa tsamba lomaliza kumabwera kutsogolo, kuti tsamba latsopano likagwera pamwamba muziona chojambula chapitacho chikuonekera pansi. Jambulani mpira ukugwa nkudumpha, ndipo pano ndikupemphani musathamange. Mpira ukakhala pamwamba zojambula zikhale moyandikana kwambiri chifukwa umachedwa, ukamayandikira pansi zitalikirane chifukwa wathamanga, ukagunda pansi uphwatalale pa tsamba limodzi lokha kenako utalike pang'ono ponyamuka. Mukaika mipata yofanana monse mpira wanu uyenda ngati chikepe, wopanda kulemera. Anthu amathera ndalama pa ma apu pamene vuto lawo ndi limeneli basi, ndipo mpaka lero m'masukulu a animeshoni phunziro loyamba ndi mpira womwewu.

Chinanso, musamajambule motsatana 1, 2, 3 mpaka kumapeto. Jambulani kaye malo akuluakulu, mpira uli pamwamba, mpira wagunda pansi, kenako wapakati pake, kenako wapakati pa zimenezo. Wojambula makatuni wa ku America Winsor McCay ankachita choncho popanga Gertie the Dinosaur ya 1914, ndipo ndi zomwe lero timati ma keyframe. Ma situdiyo atakula ntchito inagawidwa motero, katswiri amajambula ma keyframe, achinyamata ophunzira amadzaza zapakati.

Tisanafike pa kamera, dziwani kuti makatuni anaonetsedwa pa sikirini kanema weniweni asanabwere. Émile Reynaud anayamba kuonetsa zojambula zake zopenta pamanja ku Musée Grévin ku Paris mu Okutobala 1892, pomwe abale a Lumière anadzaonetsa mafilimu awo kwa anthu olipira mu Disembala 1895. Izi kunyumba nzovuta kutengera, zidziweni chabe.

Foni ikhale kamera yanu

Sanjani mabuku, ikani foni pamwamba kamera itayang'ana pansi, imangeni ndi selotepi kapena labala isagwedezeke ngakhale pang'ono. Apu ya Stop Motion Studio ili ndi mtundu waulere ndipo imakwana. Tsekani focus ndi kuwala kuti foni isamasinthe yokha, ndipo gwiritsani ntchito babu kapena tochi osati dzuwa, chifukwa mtambo ukadutsa filimu yonse imaphethira. Jambulani pepala limodzi limodzi, ikani pa 12 pa sekondi. Mukatero mwatengera wojambula wa ku France Émile Cohl, amene mu 1908 ku Paris anapanga Fantasmagorie ndi zojambula pafupifupi 700, filimu yosakwana mphindi ziwiri. Iye anajambula mizere yakuda pa pepala loyera kenako anatembenuza filimuyo kuti zioneke ngati choko pa bolodi, inunso yesani ndi filter ya negative muone.

Vuto loyamba lomwe mukumane nalo ndi lakuti mapepala sakugwera malo amodzi nde chithunzi chikunjenjemera. Mankhwala ake anabwera ndi Raoul Barré ku New York m'zaka za m'ma 1910: boolani mapepala onse ndi punch ya mu ofesi, khomani misomali iwiri pa thabwa molingana ndi mabowowo, pepala lililonse lizilowa pamenepo pojambula ndi pensulo komanso pojambula ndi foni.

Vuto lachiwiri ndi lomwe linasintha zonse. Jambulani kamunthu kakuyenda kutsogolo kwa nyumba ndi mtengo. Pofika tsamba lachisanu mukhala mutadana nayo nyumbayo, chifukwa tsamba lililonse muyenera kuijambulanso, komanso mizere yake ikhala ikuvinavina. Pa Gertie paja panali zojambula pafupifupi 10,000 ndipo miyala, mtengo ndi nyanja za kumbuyo zinkakopedwanso pa pepala lililonse ndi wothandizira wake. Mu 1914 Earl Hurd analembetsa njira ya cel: nyumba ijambuleni kamodzi pa pepala, kamunthu kajambuleni pa pulasitiki yoonekera nkusanjika pamwamba. Tengani pulasitiki ya satifiketi ija ndi maka muyese. Njira imeneyi ndi yomwe inanyamula makatuni zaka zoposa 70, kuphatikizapo Snow White ya Disney ya 1937, ndipo ma layer omwe mumaona mu ma apu ojambulira ngati FlipaClip kapena Krita ndi ma cel omwewo, angolowa mu sikirini.

Ngati kujambula kwakukanani ndithu, pali njira ya Lotte Reiniger wa ku Germany, ndipo kwa ine iyi ndi yomwe munthu woyamba amapeza nayo zokongola msanga. Dulani munthu pa katoni yakuda, mikono, miyendo ndi mutu padera, lumikizani ndi ulusi kapena kawaya kopyapyala pa mfundo. Mugonekeni pa galasi loonekera lomwe pansi pake mwayala pepala loyera ndi tochi kunsi, kuti azioneka ngati chithunzithunzi. Sunthani pang'ono, jambulani, sunthani, jambulani. Mayi ameneyu anatha zaka zitatu akuchita zimenezi ndipo mu 1926 anatulutsa filimu ya Prince Achmed, yomwe ndi filimu yaitali ya animeshoni yakale kwambiri yomwe ilipobe. Inalipo ina isanabwere iyi, ya Quirino Cristiani wa ku Argentina mu 1917, koma inapsa ndi moto. Dongo nalonso limatheka, kungoti ladothi limauma nkusweka muli pakati, bola plasticine, dongo logula losauma, ndipo mkati muike waya kuti chidole chiime.

Kuyenda kwa munthu nkovuta kuposa mmene mukuganizira, nde apa iberani ngati Max Fleischer. Cha mu 1915 iye anajambula mchimwene wake Dave pa filimu atavala zovala za sewero, kenako nkumakopa chithunzi chimodzi chimodzi, njira yotchedwa rotoscope. Jambulani mnzanu vidiyo ya masekondi atatu akudumpha chingwe, ilowetseni mu FlipaClip, kopani pa layer yapamwamba. Koma chenjezo, mukakopa ndendende zimaoneka zozizira modabwitsa, muyenera kukokomeza, pomwe wawerama mumuweramitse kwambiri.

Mawu, kenako TV

Steamboat Willie, katuni ya Mickey Mouse ya Novembala 1928, sinali katuni yoyamba kukhala ndi mawu, chomwe inapambana nacho nchakuti kuyenda ndi nyimbo zinagwirizana bwinobwino. Phunziro lake kwa inu: mawu ajambuleni kaye musanagwire pensulo. Lowani m'chipinda chokhala ndi makatani ndi zofunda zambiri kuti mawu asamveke phokoso lobwerera, nenani chiganizo chimodzi, chiikeni mu apu, muone kuti liwu lililonse lagwera pa fulemu (chithunzi chimodzi cha filimu) iti. Pakamwa simufunika zojambula zambiri, potseka pa m, b ndi p, potsegula kwambiri pa a, pozungulira pa o ndi u, potambalala pa e ndi i. Chichewa apa chimatikomera chifukwa mavawelo ndi asanu okha ndipo amamveka bwino.

Tsopano gawo lomwe munthu wogwira yekha ayenera kuliphunzira kuposa onse, ngakhale okonda Disney amalinyoza. TV itabwera panafunika katuni sabata iliyonse ndi ndalama zochepa. A situdiyo ya Hanna-Barbera ku America anayamba kugawa thupi, thupi liime mutu ndi pakamwa zokha ziziyenda, nchifukwa chake Yogi Bear amavala kolala ndi tayi alibe malaya, kolalayo imabisa polumikizira mutu. Ku Japan Osamu Tezuka atayamba Astro Boy pa TV mu Januwale 1963 anachepetsanso kwambiri, zojambula 8 pa sekondi kapena kucheperapo, chithunzi chimodzi kamera nkumangoyenda pamwamba pake, zojambula zakale kuzisunga nkuzigwiritsanso ntchito mu gawo lina. Yesani chonchi: anthu awiri akukangana za ngongole kwa masekondi 20, thupi lililonse lijambuleni kamodzi, muzisintha pakamwa, maso aziphethira apo ndi apo, dzanja limodzi liloze kamodzi. Mawu akakhala oseketsa palibe adzafunse kuti bwanji miyendo sikuyenda.

Kompyuta

Toy Story ya Pixar ya 1995 ndi filimu yaitali yoyamba yopangidwa yonse pa kompyuta, ndipo sizinangochitika kuti anasankha zidole, nthawi imeneyo pulasitiki inkatuluka bwino pa kompyuta kusiyana ndi khungu ndi tsitsi la munthu, mukaonanso anthu a mu filimuyo muvomereza. Kuti mulawe, tsitsani Blender, pulogalamu yopangira makatuni a 3D pa kompyuta, ndi yaulere kuyambira 2002, mukapeza Wi-Fi penapake chifukwa bandulo ya tsiku siyingakwane bwino. Musayambe ndi munthu, bwererani ku mpira. Uikeni pamwamba pa fulemu 1 muike keyframe, pansi pa fulemu 12 muikenso, kompyuta idzaza zapakati yokha, koma idzaza mofewa monse nde mpira ufika pansi ngati ukuopa, tsegulani Graph Editor, pomwe kayendedwe ka mpirawo kamaoneka ngati mzere, mupinde mzerewo kuti ugunde mwamphamvu. Amene anafatsa pa kope lija apa savutika.

Ndipo musaganize kuti zaulere nzachibwana, filimu ya ku Latvia yotchedwa Flow inapangidwa ndi Blender ndipo inapata Oscar mu 2025. Kufupi kuno, Malenga Mulendema wa ku Zambia ndi amene anayambitsa Supa Team 4, nkhani yochitikira mu Lusaka wa m'tsogolo, yomwe inatuluka pa Netflix mu 2023 mothandizana ndi situdiyo ya Triggerfish ya ku Cape Town.

Laputopu ikakhala yofooka sankhani njira yopepuka ya Eevee osati yolemera ya Cycles pochita render, kutanthauza potulutsa zithunzi zomaliza mu Blender, tsitsani kukula kufika pa 720p, ndipo musatulutse vidiyo mwachindunji, tulutsani zithunzi za PNG mu foda yake kenako muzilumikize pambuyo. Magetsi akathima muli pa fulemu 300, akabwera mungoyambira pa 301.