Momwe ndinapezera womasulira Chiamhariki

Kuofesi kwathu kunabwera mayi wa ku Ethiopia wosamva Chingerezi, ndipo pankafunika womasulira mwachangu. Pa intaneti ndinangopeza a kunja ofuna madola. Ndiye ndinakafunsa mwini shopu wina wakwawo kwa mayiwo, nandilumikiza ndi mnyamata wa ku Dzaleka, msasa wa anthu othawa kwawo ku Dowa.

Tisanayambe ndinamupempha kuti azinena zonse monga mayiwo akunenera, osadula mawu, osawayankhira, komanso asunge chinsinsi. Ntchitoyi imatopetsa mutu, choncho tinkapumira apa ndi apo.

Povuta panali pa madeti. Kalendala yawo ili ndi miyezi 13, imatsalira zaka 7 kapena 8, ndipo 2 koloko yawo ya m'mawa ndi 8 koloko yathu. Mnyamatayo ankayamba wawerengera zonsezi tisanalembe pa fomu.