Kadyetsedwe ka tomato wa cherry wolimidwa m'madzi popanda dothi

Tomato wa cherry, wa zipatso zing'onozing'ono, akalimidwa m'madzi alibe kwina kopezera chakudya. M'munda dothi limasunga michere n'kumaipereka pang'onopang'ono, ndipo limabisa zolakwa zambiri za mlimi. M'thanki mulibe chobisa. Chimene mwathiramo ndicho mizu imamwa, ndipo muyeso ukalakwika masamba amaonetsa pasanathe sabata.

Zida zofunika kukhala nazo ndi zitatu: sikelo yoyeza magalamu, mita ya pH ndi mita ya EC. pH imaonetsa mphamvu ya asidi m'madzi: nambala ikatsika, asidi wachuluka. EC imaonetsa kuchuluka kwa michere yonse yosungunuka m'madzi. Mamita ena amalemba muyeso wina wotchedwa ppm m'malo mwa EC, koma amasiyana kawerengedwe: ena amachulukitsa EC ndi 500, ena ndi 700, moti madzi omwewo angaonetse 1000 pa mita ina, 1400 pa inzake. Tsatirani EC basi. Mita ya pH imasokera msanga, choncho muziikonza ndi madzi oyesera a 4.0 ndi 7.0 kamodzi pa mwezi.

Yezani madzi anu musanathiremo kanthu. Madzi a mvula amakhala ndi EC yoyandikira 0, pamene a pachitsime angakhale kale ndi calcium, magnesium kapena sodium wambiri. Akapitirira 0.7, asakanizeni ndi a mvula, chifukwa sodium mbewu siimugwiritsa ntchito kwenikweni ndipo amangounjikana m'thanki.

Kusakaniza

Njira yosavuta ndi ya fetereza atatu: wa 4-18-38 (manambalawa ndi a nayitirojeni, fosifolasi ndi potaziyamu) wopangidwira tomato, monga wa Masterblend, calcium nitrate, ndi magnesium sulfate amene ambiri amamutcha mchere wa Epsom. Pa malita 100 a madzi, yezani magalamu 63 a 4-18-38, magalamu 32 a Epsom ndi magalamu 63 a calcium nitrate. Muyeso umenewu umapereka EC ya pakati pa 1.5 ndi 2.0, malingana ndi madzi amene mwayambira. Fetereza wa m'munda asalowe m'thanki: sasungunuka yense, alibe michere ing'onoing'ono monga ayironi, boron ndi zinki, ndipo nayitirojeni wake wambiri ndi wa urea kapena ammonium, amene mizu ya m'madzi sigwirizana naye akachuluka.

Ndondomeko yothirira ndi pomwe ambiri amagwera. Dzazani thanki ndi madzi kaye. Sungunulani 4-18-38 m'kachidebe kapadera, muthire m'thanki, mutakase. Chitani chimodzimodzi ndi Epsom. Calcium nitrate abwere pomalizira, nayenso atasungunulidwa payekha. Mukawaphatikiza onse atatu m'madzi ochepa, calcium amagwirana ndi sulfate ndi phosphate n'kupanga nsenga zoyera zosasungunukanso. Nsengazo zimatseka timapaipi, ndipo calcium ndi fosifolasi amene munayeza bwinobwino amagona pansi pa thanki mbewu ili ndi njala. N'chifukwa chake fetereza wamadzi wogula amabwera m'mabotolo awiri, A ndi B. Musawasakanize okhaokha.

pH muyeze michere yonse italowa, popeza fetereza amaisintha. Ikhale pakati pa 5.5 ndi 6.5, ndipo pabwino penipeni ndi 5.8 mpaka 6.2. Yotsitsira ndi phosphoric acid, yokwezera ndi potassium hydroxide. Thirani timadontho, mutakase, mudikire mphindi 15 musanayezenso. Viniga ndi mandimu amatsitsa pH lero, mawa yabwerera pomwe inali, ndiponso amadyetsa mabakiteriya m'madzi. Pogwira asidi valani magolovesi ndi zoteteza maso.

Muyeso umakula ndi mbewu

Mbande zimene zangotulutsa masamba enieni oyamba zimafuna muyeso wochepa kuposa uja, EC ya 1.0 mpaka 1.2. Zikaokeredwa n'kugwira, kwezani pang'onopang'ono kufika pa 2.0. Tsango loyamba la maluwa likayamba kumanga zipatso, mbewu imafuna potaziyamu wochuluka kuposa nayitirojeni, ndipo EC ikwere kufika pa 2.5 mpaka 3.0. Apa magalamu 90 a 4-18-38, 45 a Epsom ndi 90 a calcium nitrate pa malita 100 amakufikitsani pafupi. Musakweze kuposa 0.3 kapena 0.5 nthawi imodzi.

Cherry amapirira madzi a michere yambiri kuposa tomato wamkulu, ndipo alimi ena amamukweza dala mpaka 3.5 kapena 4.0. Mizu imavutika kukoka madzi, chipatso chimachepa msinkhu, shuga n'kuchuluka. Kukoma kumakweradi, koma makilogalamu amatsika, ndipo masiku otentha mbewu imafota msanga. Ife timaona kuti 3.0 ndi yokwanira kwa amene akuyamba. Nyengo yotentha kwambiri tsitsani EC ndi 0.5, chifukwa mbewu imamwa madzi ambiri kuposa michere.

Zimenezi zikutifikitsa pa ntchito ya tsiku ndi tsiku. Mbewu yaikulu yobereka imamwa lita imodzi kapena awiri pa tsiku, dzuwa likaswa mtengo mpaka atatu. Madzi akatsika m'thanki, yezani musanawonjezere. EC ikakhala yakwera, mbewu yamwa madzi n'kusiya michere, ndiye thirani madzi okhaokha. Ikakhala yatsika, thirani osakaniza. Koma EC siikuuzani kuti mchere wanji watsala. Thanki ingaonetse 2.8 potaziyamu atatha kale, zotsalazo zili sulfate ndi sodium. Choncho tayani madzi onse n'kusakaniza atsopano masiku 10 mpaka 14 aliwonse, ndipo thanki ikakhala yaing'ono, sabata iliyonse.

Amene amadzala m'makoko a kokonati kapena m'timiyala topepuka ta perlite n'kumathirira ndi timapaipi todontheza aonetsetse kuti magawo 20 mpaka 30 pa 100 a madzi othiridwa akutuluka pansi pa thumba. Yezaninso madzi otulukawo. Akaposa olowa ndi EC yopitirira 1.0, michere yaunjikana pa mizu, ndipo mankhwala ake ndi kuthirira kawirikawiri, osati kutsitsa muyeso mwadzidzidzi. Makoko a kokonati atsopano amagwira calcium n'kutulutsa potaziyamu ndi sodium, ndiye atsukeni ndi kuwaviika m'madzi a calcium nitrate usiku wonse musanadzalemo.

Kuwerenga mbewu

Masamba a pansi akachita chikasu pakati pa mitsempha, mitsemphayo ikadali yobiriwira, magnesium wachepa. Zimachitika kwambiri zipatso zikachuluka, chifukwa potaziyamu wambiri amalimbirana naye polowa m'mizu. Wonjezerani magalamu 10 a Epsom pa malita 100. Chikasu chomwecho chikakhala pa masamba anthete a kunsonga, ndi ayironi, koma musathamangire kuwonjezera. Nthawi zambiri ayironi alimo, pH ndiyo yadutsa 6.5 ndipo wasiya kusungunuka. Tsitsani pH, masamba atsopano atuluka obiriwira. M'mphepete mwa masamba mukamauma ngati mwapsa, zipatso n'kumapsa mawangamawanga, potaziyamu wachepa. Tsinde lonenepa ngati chala chachikulu, masamba a kunsonga opiringizika ndi maluwa oyoyoka ndi chizindikiro cha nayitirojeni wopitirira. Mbewu yotero imakongola m'maso koma siibereka.

Kuola kwakuda kunsi kwa chipatso kumabwera calcium akalephera kufika m'chipatso chaching'ono. Calcium amayenda ndi madzi okha, choncho pampu ikazima maola angapo, EC ikakwera kwambiri kapena mizu ikadwala, vutoli limabuka ngakhale m'thanki muli calcium wokwanira. Cherry sagwidwa kwambiri ndi zimenezi, kupatula mitundu yotalika ngati dzira. Chimene chimamuvutitsa iye ndi kung'ambika. Khungu lake ndi lopyapyala, shuga ndi wambiri, ndiye mukalekerera EC kukwera mpaka 4.5 kenako n'kudzaza thanki ndi madzi okhaokha, zipatso zimakoka madzi mwadzidzidzi ndipo m'mawa mwake tsango lonse lang'ambika. Wonjezerani madzi pang'ono tsiku lililonse m'malo modikira thanki itsike theka, ndipo zipatso zakupsa muthyole musanasinthe madzi.

Zizindikiro zingapo zikabwera pamodzi, EC ndi pH zili bwino, tukulani chivundikiro muone mizu. Yabwino imakhala yoyera ndi yolimba. Yofiirira, yoterera ndi yonunkha yagwidwa ndi kuola, kumene nthawi zambiri kumayambitsidwa ndi tizilombo totchedwa Pythium m'madzi otentha osowa mpweya. Madzi akhale pakati pa madigiri 18 ndi 22, chifukwa akadutsa 25 okosijeni amachepa. Pampu ya mpweya isazime usiku, ndipo thanki ikhale yosalowa kuwala kuti ndere zisamere. Dulani mizu yoolayo, tsukani thanki ndi mapaipi, mubwezere mbewu m'madzi a EC ya 1.5 mpaka mizu yatsopano yoyera itaoneka.