Mwana wavulala, apite ku showcase ya baseball?

Makolo muli ku America ndi ana osewera baseball, ngati mwana akumva kuwawa chigongono kapena phewa asapite basi, olo munalipira kale. Kuma showcase (kumene ana amakaonetsa luso lawo kuti makochi aku koleji awaone) ngati a kampani ya Perfect Game amayeza liwiro la mpira ndi radar, amawathamangitsa mayadi 60, ndiye manambalawo amakakhala pa intaneti, makochi aku koleji akawaona sadziwa zoti mwana anali ovulala amangoti aaa uyu ndi ofooka.

Pitani kaye kwa dokotala. Kenako alembereni makochiwo imelo, auzeni chilungamo, tumizani vidiyo ya nthawi yomwe anali bwinobwino. Kukakamiza mkono mapeto ake amatha kukhala opaleshoni ya chigongono yotchedwa Tommy John, imeneyotu ndi chaka chathunthu kapena kupitirira asakuponya mu gemu.

Kachala kotupa chabe? Adokotala akalola apite, koma muwauziretu okonzawo.