Wantchito Wotopa Kapena Wodwala Msamuike pa Ntchito Yoopsa

Malo ambiri a ntchito amasamala za zipewa zolimba, nsapato zotetezera ndi zozimitsira moto. N'zofunika ndithu. Chimene chimaiwalika ndi munthu amene wavala zinthuzo: kodi wagona, kodi ali bwino m'thupi, nanga mtima wake uli pantchitopo? Inu akapitawo ndi eni ntchito, mafunso amenewa ndi anu tsiku lililonse, ntchito isanayambe.

Tiyambe ndi tulo, chifukwa ndi pamene ambiri timadzinamiza. Mu 1997 ofufuza a ku Australia, Drew Dawson ndi Kathryn Reid, anapeza kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amachedwa kuona ndi kuchitapo kanthu mofanana ndi amene ali ndi mowa wokwana 0.05 peresenti m'magazi. Akafika maola 24 amafanana ndi wa 0.10 peresenti. Palibe kapitawo amene angapatse woledzera makiyi a galimoto yonyamula katundu, komabe amene wachezera usiku wonse timamuuza kuti apitirize shifiti yam'mawa poti mnzake sanabwere.

Muyang'anitsitseni munthu wotero. Akuyasamula pafupipafupi, zikope zikulemera, mwamuuza chinthu kawiri koma akufunsanso, kenako mutu ukugwa pang'ono n'kudzidzimuka. Pa kamphindi kameneko anali atagona, ngakhale iye adzakana. Ngati akuyendetsa galimoto pa liwiro la makilomita 80 pa ola, kusinza kwa masekondi 4 okha ndiye kuti galimoto yayenda mamita pafupifupi 90 popanda woiwongolera.

Choncho konzani ndandanda mwanzeru. Thupi limafooka kwambiri pakati pa 2 koloko usiku ndi 6 koloko m'mawa, ndiye ntchito zokwera pamwamba, zamagetsi ndi zokonza makina musaziike nthawi imeneyo ngati zingathe kudikira kuti kuche. Pakati pa shifiti ina ndi inzake siyani maola osachepera 11, monga limanenera lamulo la mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya wa European Union, pokumbukira kuti m'maola omwewo munthu ayenda ulendo wa kunyumba, asambe, aone ana, kenako agone. Ogwira usiku aloleni kugonako mphindi 20 pa nthawi yopuma. Zakumwa zogalamutsa zimangobisa tulo kwa kanthawi, sizilipira ngongole yake.

Ovataimu nayo ili ndi malire. Mu 2021 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO ndi loona za ntchito la ILO analengeza kuti kugwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pa mlungu kunapha anthu pafupifupi 745,000 m'chaka cha 2016 kudzera mu sitiroko ndi matenda a mtima. Wantchito amaipempha yekha ovataimuyo chifukwa akufuna ndalama, n'zomveka, koma amene ayenera kunena kuti basi zakwana ndi inu.

Vuto limene limandidetsa nkhawa kwambiri ndi la matenda obisa. Wodwala shuga akachedwa kudya atamwa mankhwala amayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta lozizira ndi kusokonezeka. Wina wamwa mapiritsi a chimfine kapena a ziwengo, ena mwa iwo amagonetsa, ndipo wakwera makwerero. Wina akumva chizungulire kuyambira m'mawa. Onsewa sanena, chifukwa akudziwa kuti akanena adulidwa malipiro a tsikulo kapena aoneka ngati aulesi. Malo amene kunena kuti "lero sindili bwino" kumalangidwa, anthu amasiya kunena, ndipo mumadzamva munthu atagwa kale.

Njira yake si yodula. Ntchito isanayambe, imani ndi gulu lanu mphindi zisanu, muyang'ane aliyense kumaso. Amene mwamukayikira muitanireni pambali, mumufunse mwaulemu kuti, "Mwagona bwanji usiku? Pali mankhwala amene mwamwa?" Akakuuzani zoona, mupatseni ntchito yapansi, kutali ndi makina, osamudula malipiro. Zimene wakuuzani zithere pakati pa inu awiri. Mukazifalitsa kamodzi, palibenso adzakuuzeni kanthu.

Pa ntchito ya padzuwa kapena pafupi ndi ng'anjo, madzi akhale pafupi, ndipo munthu azimwa kapu imodzi pa mphindi 15 kapena 20 zilizonse osadikira ludzu. Watsopano amafunika mlungu umodzi kapena iwiri kuti thupi lizolowere kutentha. Wina akayamba kulankhula zosamveka kapena kudzandira, muikeni pamthunzi, mumuthire madzi ozizira ndi kuitana achipatala msanga.

Musanyozenso nkhawa. Munthu amene waferedwa, amene ali ndi mwana m'chipatala kapena amene ngongole zamupanikiza amaiwala kuzimitsa makina asanalowetsemo dzanja. Amene amakalipiridwa tsiku ndi tsiku amagwira mothamanga ndipo amabisa zolakwika zing'onozing'ono zimene zikanakuchenjezani.

Ngozi ikachitika, kapena ikangotsala pang'ono kuchitika, musamangolemba kuti "sanasamale". Lembaninso nthawi imene zachitika, maola amene munthuyo anali atagwira, maola amene anagona, ndi masiku amene wagwira motsatizana osapuma. Pakatha miyezi itatu werengani zimene mwalembazo, muone shifiti ndi maola amene akubwerezabwereza, ndipo musinthe ndandanda kuyambira pamenepo.