Momwe mungapangire wankhondo wanu wa mu gemu kuchokera mu mbiri yathu yomwe ino

Kuno ku Mangochi tili ndi kagulu kathu, Loweruka masana timakumana pakhonde kusewera gemu ya pa bolodi la drafuti ndi dayisi imodzi, ankhondo ake timapanga tokha pa timakatoni. Anzathu akunja amachita zomwezi mu Dungeons & Dragons, gemu yomwe inatuluka mu 1974, iwo amati homebrew, ndipo amene munagwirako gemu ya pa kompyuta ya For Honor mukudziwa kuti muli ma samurai ndi ma Viking. Ife tinati nanga athu ali kuti, chikhalirecho Boma lathu lomweli linayamba ngati linga lankhondo, Fort Johnston, mu 1891. Ndiye nayi njira yomwe timatsata, ambiri mwakhala mukufunsa pa WhatsApp.

Choyamba musathamangire manambala, yambani mwamudziwa munthu wanuyo. Funsani agogo, werengani, kapena pitani ku Lake Malawi Museum pafupi ndi wotchi ija ya pa Boma, kenako lembani zinthu zitatu basi: ankamenya ndi chiyani, ankakonda kumenyera malo otani, nanga chinkamuvuta ndi chiyani. Chachitatuchi ndiye mtima wa nkhani yonse ndipo ndi chomwe aliyense amafuna kuchidumpha.

Pano ndichenjezeretu. Musatenge mfumu yeniyeni nkuisandutsa chidole cha gemu. Mipando ya a Makanjira, a Mponda ndi a Jalasi ilipo mpaka lero, ili ndi eni ake, komanso nkhondo za nthawi imeneyo zinali zolukana ndi malonda a akapolo, pali mabanja omwe nkhaniyi si yosekera ayi. Pangani msilikali wamba wa nthawi imeneyo, mumutche dzina la chida chake. Ife tili ndi Wachishango, Wagogodela ndi Wauta.

Wachishango tinamutenga kwa Angoni, aja anawoloka Zambezi ndi Zwangendaba mu 1835, chishango cha chikopa cha ng'ombe, nthungo yaifupi yobayira pafupi ndi chibonga, munthu wothamanga koma kuti akupweteke mpaka akufike pamphuno. Wagogodela ndi wa Ayao a m'mbali mwa nyanja muno omwe ankapeza mfuti ndi onga kudzera mu malonda a kugombe la Indian Ocean, ndipo sanali anthu owaderera, anthu a Makanjira anapha Captain Cecil Maguire mu 1891, dzina la Fort Maguire likuchokera pamenepo, a Jalasi nawo ali paphiri anabweza asilikali a Azungu mu 1892 mpaka anadzagonja mu 1895. Koma mfuti yawo ya gogodela ukaombera kamodzi uyenera kuthiranso onga, kuika chipolopolo, kusinja, ndipo mvula ikanyowetsa onga wagwira ndodo chabe. Wauta ndi wa Amang'anja a m'mbali mwa Shire, mivi yake yopaka ulembe wa kombe, womwe John Kirk mnzake wa David Livingstone anauona komweko.

Kachiwiri gawani mapointi, aliyense alandire ofanana. Ife timapereka 15 pa zinthu zinayi: moyo, kumenya, liwiro ndi mtunda womwe chida chimafika. Wachishango ali ndi moyo 6, kumenya 4, liwiro 4, mtunda 1. Wagogodela moyo 3, kumenya 6, liwiro 2, mtunda 4, koma akaombera raundi yotsatira amakhala akuthira onga. Wauta moyo 4, kumenya 2, liwiro 4, mtunda 5, ndipo muvi ukalasa ulembe umadya pointi imodzi pa raundi kwa maraundi atatu. Moyowo posewera timauchulukitsa katatu, ndiye 6 amakhala 18, 3 amakhala 9. Liwiro ndi mtunda ndi mabokosi a pa bolodi.

Tsono apa ndi pomwe ambiri amanamizika, amaganiza kuti poti onse ali ndi 15 ndiye kuti zafanana. Sizili choncho. Musanaponye dayisi olo kamodzi, tengani pepala muwamenyanitse ngati kuti aliyense akulasa osaphonya. Tiyeni tione. Wachishango ndi Wagogodela atalikirana mabokosi 7, Wachishango ndiye akuyamba. Raundi yoyamba wathamanga mabokosi 4, walandira chipolopolo, moyo watsala 12. Yachiwiri wafika wabaya, mnzake ali kalikiliki ndi onga. Yachitatu wabayanso, walandira chipolopolo chachiwiri, watsala ndi 6. Yachinayi wabaya kachitatu, zonse pamodzi 12 pa munthu wa moyo 9, nkhani yatha. Ndiye Wachishango akupambana Wagogodela, komanso mivi ya Wauta amaitchinga ndi chishango, kutanthauza kuti palibe womuopsa ndipo Loweruka likubweralo aliyense adzafuna iyeyo.

Zoterezi zinatichitikira ndithu, msuweni wanga wa ku Ntcheu anapambana masana onse ndipo anthu awiri sanabwerenso sabata yotsatira, zinandiwawa chifukwa gemuyi tinaivutikira. Ena ankati timuchotsere mapointi Wachishango, ine ndinakana, Mngoni wosathamanga ndi wosalimba si Mngoninso. Yankho tinalipeza mu mbiri momwemo, anthu a mfuti sankadikira mdani pabwalo poyera, ankakhala mu linga kapena paphiri. Tinamupatsa Wagogodela linga. Poyamba tinati kulowa mu linga kumadya raundi imodzi, titawerengetsa Wachishango ankapambanabe, titaika maraundi awiri Wagogodela anapeza mpata wa chipolopolo chachitatu nkupambana atatsala ndi moyo 1 yekha. Imeneyo ndiye ndewu yokoma, dayisi ikalowapo aliyense mtima uli m'mwamba.

Mukatero onetsetsani kuti zikuzungulira. Wagogodela mu linga amuvute Wachishango, Wachishango amuvute Wauta, Wauta amuvute Wagogodela poti mivi yake imafika patali komanso amaponya raundi iliyonse mnzake akusinja onga. Wachinayi aliyense amene mungaonjezere mufunseni funso lomwelo, akuopa ndani? Mchemwali wina pagulu pathu anabweretsa wa Agojie, asilikali achizimayi a ku Dahomey komwe pano ndi Benin, analowa bwinobwino. Wina anabwera ndi wa pa hatchi wa ku Mongolia woponya uta akuthamanga, ameneyo anatisokoneza mpaka tinaika mabokosi a tchire la kashembe pomwe hatchi imafooka, zomwe ndi zoona, kashembe amapha mahatchi.

Zamatsenga ziikeni pomaliza, imodzi pa munthu, ndipo iliyonse ikhale ndi mtengo wake. Tengani za kwathu konkuno. Wauta wathu amatha kuitana mwera kamodzi pa gemu, mphepoyo imakankha aliyense mabokosi awiri koma naye mivi yake imaphonya raundi imeneyo. Wagogodela ali ndi chithumwa chokana imfa kamodzi, chikagwira ntchito onga wake wonse umanyowa. Napolo tinamuyesa, anali wamphamvu mopitirira, amakokolola theka la bolodi, pano amatuluka pokhapokha dayisi ikagwa 6 kawiri motsatizana ndipo sasankha mbali, amatenga ndi womuitana yemwe.

Chotsala ndi kuyesa ndi anthu. Awiri aliwonse amenyane magemu 20, osewera azisinthana, amene wapanga wankhondoyo asamangomugwira yekha chifukwa amamudziwa mopitirira. Lembani mu kope amene wapambana. Wina akapambana 11 kapena 12 palibe vuto, akafika 14 kupita m'mwamba pakufunika kukonza. Sinthani chinthu chimodzi chokha, pointi imodzi, kenako museweretso 20 ena, mukasintha zitatu nthawi imodzi simudziwa chomwe chathandiza. Ndipo wamtundu wanu mupatseni mnzanu wa mtundu wina kuti ndiye amuyese, ine Wagogodela amandiyesera ndi msuweni wanga uja, Wachishango ndimayesa ndine.