Mmene Mungathandizire Munthu Wamkulu Amene Ali ndi Down Syndrome Akamavutika Maganizo

Munthu wamkulu amene ali ndi Down syndrome (vuto lobadwa nalo limene limachedwetsa kakulidwe ndi kaphunziridwe ka munthu) nthawi zambiri safotokoza nkhawa zake ndi mawu, choncho yang'anirani khalidwe lake, monga kusiya kudya, kugona usana wonse, kapena kukana ntchito imene ankaikonda. Mukaona zimenezi, pitani naye kaye kuchipatala, chifukwa chithokomiro (chiwalo china cha m'khosi) chosagwira bwino ntchito, vuto la kumva ndiponso kubanika kutulo zimabweretsa zizindikiro zofanana ndi za matenda a maganizo.

Musasinthe dongosolo la tsiku lake mwadzidzidzi, ndipo ngati akusamuka, muuzeni kudakali nthawi, mukumuonetsa zithunzi za kumene akupitako. Kholo lake likamwalira musamubisire, muloleni akhale nawo pamaliro. Akamayankhula yekha musamudzudzule, pakuti si misala, ndipo kawirikawiri zimamuthandiza kukhazika mtima pansi.