Magazini yotsanzikira a Fomu 4: sanjani mawu kuti ana awerenge

Aphunzitsi amene mumayang'anira kalabu ya alembi m'sukulu za kuno ku Mangochi, mukudziwa zimene zimachitika magazini yakumapeto kwa chaka ikatuluka. Mwana amathamangira tsamba limene pali nkhope yake, akadziona basi, waiponya m'chikwama. Tisafulumire kunena kuti ana amakono ndi aulesi. Ndife amene timayanika mawu tsamba lonse ngati usipa pathandala, ndipo nkhani iliyonse imayamba ndi "chaka chino zinthu zayenda bwino".

Uthenga wa ahedi usiyeni, ndi mwambo, koma apempheni mwaulemu kuti usapitirire theka la tsamba. Nkhani zinazo iliyonse ipatseni maonekedwe ogwirizana ndi zimene ikukamba.

Tinene kuti kalabu ya zachilengedwe inapita ku Cape Maclear. M'malo mwa chimangirizo cha "tinanyamuka m'mawa, tinafika bwino", pezani mwana wodziwa kujambula alembe msewu kuchokera paboma, kudzera ku Monkey Bay, mpaka kunyanja. Pamalo paliponse pamene munaima ikani ziganizo ziwiri za mwana mmodzi: chimene anaona, chimene chinamuseketsa, amene anaopa kukwera boti. Pakona pakhale kabokosi ka mfundo zenizeni, monga yakuti Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse, makamaka chifukwa cha mitundu ya nsomba monga mbuna. Owerenga amatsata msewuwo ndi chala, n'kumaliza nkhani yonse osazindikira.

Mbiri ya chaka chonse mungaichite chimodzimodzi. Jambulani mtsinje wa Shire kuchokera pamene ukutuluka m'nyanja ya Malawi, kudutsa pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi, kukathira m'nyanja ya Malombe, ndipo m'mbali mwake muike miyezi kuyambira potsegulira teremu yoyamba mpaka mayeso a MSCE. Mwezi uliwonse chochitika chimodzi, m'mawu ochepa. Za mpira zilembedwe momwe amaulutsira pawailesi, mphindi ndi mphindi.

Pamene ndikufuna muikepo mtima kwambiri ndi pa masamba a nkhope za a Fomu 4. Funso lakuti "ukufuna kudzakhala ndani" lisiyeni, chifukwa mudzapeza madokotala ndi maloya okhaokha. Afunseni zimene zili ndi yankho losiyana kwa aliyense: "Ndi phokoso liti la pasukulu pano limene udzalisowe?" kapena "Wa Fomu 1 ungamunong'oneze chiyani?" Yankho lisapitirire mawu 15. Aliyense alembe ndi dzanja lake, ndi bolopeni yakuda papepala loyera lopanda mizere, inu mudule n'kumata pansi pa chithunzi chake. Kalembedwe ka mnzake mwana amakazindikira ngakhale patapita zaka. Wofuna kuyankha m'Chiyao muloleni, wa Chichewa kapena Chingerezi nayenso, kungoti pezani wodziwa bwino Chiyao aone kalembedwe kake musanasindikize. Ndipo musaiwale ophika ndi alonda. Mafunso asanu okha kwa alonda amene aona makalasi ambiri akudutsa pageti amatulutsa tsamba limene ana amalimbirana.

Ndakatulo yosanjidwa mooneka ngati chambo kapena bwato ndi yokongola, koma imodzi yakwana.

Kumbukiraninso kuti ambiri timasindikiza pa makina a fotokope, zakuda ndi zoyera. Mawu oyera patsamba lakuda amaoneka bwino pakompyuta, koma papepala amafufutika ndipo amatha inki msanga. Zilembo zisachepere saizi 10, ndipo tsamba muligawe m'makolamu awiri kuti diso lisatope. Pepala la A4 lopindidwa pakati limapereka masamba anayi, choncho konzani masamba 16, 20 kapena 24, osati 18.

Pansi pa chithunzi chilichonse lembani mayina kuyambira kumanzere, ndi chimene chinkachitika. Mwini dzina aone yekha ngati lalembedwa bwino. Mayina onyogodola, monga "katswiri wogona m'kalasi", achotseni ngakhale kalasi yonse ikuseka, pakuti magaziniyi ikafika kwa makolo ku Namwera kapena ku Makanjira sikhalanso nthabwala. Zolemba zonse zisonkhanitseni m'teremu yachiwiri. Mayeso oyeserera akangoyamba, wa Fomu 4 simudzamupezanso.